Dzanja la Mayi Katatu

Pachipatala onse ankawatchula Mayi Katatu, chifukwa sankalemba nambala asanayeze katatu. Anakhala zaka makumi awiri m'kachipinda ka mafizo, pafupi ndi kochapira, akuyeza mphamvu za anthu amene mitsempha inawafooketsa manja ndi miyendo. Chida chawo chinali dzanja basi. Wodwala ankakankha, iwo n'kumabweza, kenako n'kulemba: ziro ngati mnofu sukugwedezeka n'komwe, faifi ngati munthu wawagonjetsa. Mpando womwewo, m'mawa nthawi yomweyo, chigongono pamalo omwewo. Anzawo ankati ndi ovuta. Kuvuta anali ovutadi, koma nambala yawo dokotala sankaikayikira.

Chaka china odwala awo anayamba kuchira modabwitsa. Wa firii ankafika folo, wa folo faifi. Mmodzi anali mmisiri wokhoma madenga, bambo wa ana anayi, amene ankangodikira faifi kuti abwerere pamakwerero.

"Mayi, lero ndakukankhani ngati chitseko," anatero mmisiriyo akuseka. "Lolemba ndikwera."

Anamulembera faifi. Koma iye atangotuluka, mayiwo anakanika kutsegula botolo la mafuta opaka lomwe ankatsegula tsiku ndi tsiku. Anakhala pansi n'kutulutsa mafayilo a miyezi isanu ndi umodzi. Nambala zonse zinali zitakwera, ngakhale za aja matenda awo sabwerera m'mbuyo. Chakudza sichiyimba ng'oma: anthuwo sankachira ayi, dzanja loyezera ndilo linkatha.

Akanakhala chete palibe akanadziwa, ndipo kuulula kunali kudzichotsa okha pa ntchito yokhayo imene ankaidziwa. Anachita mantha. Koma m'maso mwawo munkangobwera mmisiri uja ali padenga, atagwira mtanda ndi mkono umenewo. Anathamanga n'kumupeza pageti akudikirabe galimoto.

"Bambo, tabwererani. Akuyezeninso anzangawa."

Anzawowo anayeza, nayezanso, n'kulemba firii. Mmisiri anaona nambalayo n'kutembenukira kwa Mayi Katatu.

"Ndiye miyezi yonseyi mumandinamiza, mayi? Kunyumba ndauza kale ana."

"Sindimadziwa, bambo. Si inu mwalimba, ndine ndafooka. Chonde, Lolemba musakwere."

Mmisiri anatola chipewa chake n'kutuluka osatsanzika. Zinawapweteka kwambiri, koma sanamuimbe mlandu. Anapukuta misozi, n'kukoka fayilo yotsatira kuti aone nambala ya foni. Panali anthu ena khumi ndi anayi oti awauze zomwezo.