Lilime la a Wailesi

Pakhonde la sitolo ya zitsulo, pafupi ndi paipi yotsitsa madzi a padenga, pali kabenchi kofupika mwendo umodzi. Pamenepo ndi pantchito pa a Wailesi, osoka nsapato. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala awo, ndipo sanawanamizire. Ukabwera ndi nsapato yomatuka soli umachoka nayo yomatidwa bwinobwino, koma utamvanso za kuipa kwa guluu wa masiku ano ndi chifukwa chimene timu yako inagonjera. Chodabwitsa n'choti zonsezi ankayankhula misomali ili mkamwa. Ankaipana kutsaya lakumanzere n'kumaikankha umodziumodzi ndi lilime, nyundo ikugunda, nkhani osaduka. Misomali ikatha, m'malo mwake munkalowa ndudu.

Banga loyera m'mbali mwa lilime analiona kalekale pakagalasi kometera ndevu, koma silinawadetse nkhawa. Zikhatho zawo zinalimba chifukwa cha ulusi ndi nyundo, nanga lilime logubuduza misomali kuyambira ali mnyamata likanalekeranji kulimba? Ankati ndi chizindikiro cha mmisiri weniweni. Kupweteka silinkapweteka.

Amene anakana zimenezo ndi akazi awo. Tsiku lina a Wailesi akuyasamula, mayiwo anawagwira chibwano.

"Tatsegulaninso pakamwapo, bambo."

"Zayamba liti zimenezi? Zaka zonsezi mumati nditseke."

"Zachibwana ayi. Choyera chija chayamba kufiira pakati. Mawa tipita kwa adokotala a mano."

Tsono mayiwa anali ndi kabotolo ka jivi, mankhwala a pepo aja opaka pazilonda, ndipo ankakakhulupirira kuposa china chilichonse m'nyumbamo. Ana awo onse anakula ali mawangamawanga m'mawondo. Ngakhale mphaka anapakidwapo kukhutu. Kwa iwo, kupita kuchipatala ndi chilonda chosasamalidwa zinali zamanyazi ngati kupita ndi malaya osachapa. Choncho m'mawa, asananyamuke, anawakhazika amuna awo pampando n'kuwapaka lilime lonse.

Adokotala a mano anali mayi wachitsikana wovala magalasi. Anayatsa nyali yawo, n'kuunika mkamwamo. Kenako anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Mayi, mwapenta bwino zedi, simunasiye malo ndi pang'ono pomwe. Koma nanga ine ndiona chiyani?"

Mayiwo anagwira pakamwa ndi manyazi. Adokotala sanawakalipire. Anakoka mpando n'kuwafotokozera kuti mkamwa, chimene chimayamba kuwauza zoona ndi mtundu wa chilonda. Kachilonda kachikasu kozunguliridwa ndi kufiira kamapweteka kwambiri, koma nthawi zambiri kamapola kokha. Zoyera zochoka ukazipukuta zili ndi mankhwala ake. "Chimene sindichikonda ndi choyera chokana kuchoka, makamaka chikayamba kusakanikirana ndi kufiira. Koma sindingalosere. Mukabwerenso utotowu ukatha, ndipo chonde, kabotoloko kapume."

A Wailesi anatuluka m'chipindamo mtima uli m'malo. Kwa iwo nkhani inali itatha. Adokotala aseka, ndiye kuti palibe choopsa. Jivi uja atasuluka, akazi awo n'kuwakumbutsa za ulendo, iwo anati ntchito yachuluka, sukulu zatsegulira, ana a anthu ayenda pansi. Zoona zake n'zoti anali atayamba kuopa. Mawu aja oti "sindichikonda" anali atawakhala mumtima, ndipo munthu woti moyo wake wonse uli palilime safuna kumva kuti lilimelo lili ndi mlandu.

M'mawa wina anatsegula chikwama cha zida n'kupeza mulibe nyundo, mulibe singano yosokera. Akazi awo anali ataima pakhomo, atavala kale nsapato zoyendera.

"Nyundo yanga ili kuti?"

"Ili pabwino. Muiona tikabwerako."

Ulendo uno adokotala sanaseke. Anapukuta bangalo ndi thonje, koma silinachoke. Analikanikiza ndi chala, n'kukanikizanso m'khosi, n'kufunsa za ndudu. Kenako anabaya jakisoni wochititsa dzanzi n'kudula kachidutswa kakang'ono koti kakapimidwe. Zotsatira zitabwera, anawauza mosapsatira kuti inali khansa, koma yongoyamba kumene, isanafalikire kwina. Anati akanachedwa, madokotala akanachotsa mbali yaikulu ya lilime, mwinanso osathandiza kanthu. Kwa nthawi yoyamba chikwatirane, amene anafunsa mafunso onse ndi akazi awo.

Kuchipatala chachikulu anawachotsa kambali kochepa ka lilime. Anabwerera kunyumba ndi ulusi mkamwa, ndipo atayamba kutha kuyankhula pang'ono, choyamba chimene anadandaula chinali kasokedwe. Anati mfundo zake zatalikirana, iwo akanasoka bwino kuposa pamenepo. Ana awo atamva dandaulolo anadziwa kuti bambo awo achira.

Ndudu anasiya, ngakhale anavutika nazo. Misomali tsopano imakhala m'kachitini pabenchi, ndipo amati ntchito ikuchedwa chifukwa dzanja silithamanga ngati lilime. Mawu ena amatuluka opindika pang'ono, koma makasitomala sanapeze mpumulo umene ankayembekezera. Nkhani zawonjezekera imodzi. Aliyense wobwera ndi nsapato amauzidwa kuti akafika kunyumba adziyang'ane mkamwa pagalasi, ndipo akaona choyera kapena chofiira chosatha, asadikire kuti chipweteke. Za akazi awo amanena poyera, ngakhale mayiwo ali pomwepo: "Ndikanakwatira munthu wofatsa, bwenzi pano ndili duu."

Adokotala a mano aja amawaonabe nthawi ndi nthawi. Ulendo wapitawu a Wailesi anakhala pampando uja mantha adakalipo. Adokotala anayatsa nyali, n'kugwira lilime ndi kansalu, n'kulitembenuzira uku ndi uku. Anachedwa ndithu. Atazimitsa nyali, a Wailesi anafunsa ndi mawu otsika, osakhala awo a masiku onse.

"Adokotala, lero mwaona mtundu wanji?"

"Palibe, bambo. Ndi lilime basi."

A Wailesi anali atakonza mawu ambiri othokoza, anawayeseza njira yonse. Koma anangogwira dzanja la adokotalawo ndi manja awo onse awiri, misozi ili mbwee, n'kunena kuti, "Zikomo, mwanangu."