Matumbo a Mlamba mu Envulopu ya Madamu

Pa Kachulu palibe anandigonjetsapo pokambirana mtengo, ndipo ndili ndi zaka khumi ndi zinayi ndinkadzitama kale kuti palibe mphunzitsi angandithe.

Chaka chimenecho bambo anamira pa Chilwa, ine mtima n'kusanduka moto. Mnzanga akangondigunda ndi chigongono, benchi inkauluka. Aphunzitsi ena ankandikwapula n'kuiwala. Koma Madamu Chikopa, a Fomu 1, anachita choposa ndodo. Anapita kumathandala kumene mayi ankayanika matemba, n'kunena pamaso pa azimayi onse kuti, "Mayi, Lameki si wamwano. Akulira, kungoti misozi yake ikutulukira m'zibakera."

Sabata yonse padoko ankanditcha Kalira. Ndinalumbira kuti Madamu achoka pasukulu pathu.

Ndinamva aphunzitsi akucheza kuti Madamu akufuna digiri yachiwiri ndipo adzaza mafomu awiri. Ina inali ya kayendetsedwe ka sukulu, yowatengera ku ofesi ku Zomba. Inayo inali ya kaphunzitsidwe ka ana ovutika mumtima, yophunzira paholide uku akuphunzitsabe kwathu konkuno. Yachiwiriyi ndiyo inayenera kufa.

Pabuleki ndinazembera mu ofesi ya aphunzitsi ndi jumbo ya matumbo a mlamba ogona masiku atatu. Pathebulo panali maenvulopu awiri. Nthawi yowerenga panalibe, choncho ndinawayeza m'manja monga ndimayezera nsomba. Ndinati mavuto a ana ngati ine sangakwane m'mapepala ochepa, n'kukhuthulira zonse mu yolemerayo.

Mawa lake linali tsiku lotsiriza kupereka mafomu. Madamu anandiitana atanyamula envulopu ija ndi zala ziwiri, ntchentche zikuperekeza.

"Lameki, mwezi wathunthu ndakhala ndikulephera kusankha. Wandithandiza. Ya ku ofesi ija ndi iyi."

Anandisunga zaka zinayi. Ndikayamba kukunga zibakera ankandituma kumjigo kukapopa madzi mpaka mtima utatsika. Tsiku lina ndinalira ndithu, ndowa ikusefukira, iwo n'kuyang'ana kumbali ngati sakuona.

Lero ndimagulitsa matemba pa Songani. Kasitomala akandinyoza ndimapuma katatu, monga anandiphunzitsira, kenako n'kumukwezera mtengo. Madamu akabwera sindiwatsitsira ngakhale pang'ono, poti ndiko kubwezera kwanditsalira. Amagula akuseka n'kufunsa, "Achimwene, matumbo aja mulibe?"

Ine ndinawalanda ofesi ya ku Zomba, iwo anandilanda zibakera. Inu mukuti anapambana ndani?