Kachitsulo ka L m'chikwama chanu

Ba Malume, lero ndapeza kachitsulo kanu kopindika ngati L m'chikwama cha kamera, ndipo ndangokhala pansi n'kumakayang'ana. Ndakumbuka tsiku lija ku Estates, amayi atangotuluka m'chipatala atadwala sitiroko. Ankafuna chithunzi ataimirira, choti titumize kwa abale ku Chipata amene ankamva zoti sadzayendanso. Koma miyendo yawo inkangolimba kamphindi kochepa. Ine ndinapendeketsa kamera pa tirayipodi, choimikira chake cha miyendo itatu, kuti aoneke thupi lonse, koma inkangoweramira pansi. Inu munati, "Iwe, usamuvutitse mlongo wanga. Akaima, aima kamodzi." Munamanga kachitsuloko pa kamera, n'kuiimika choongoka pakati penipeni pa tirayipodi, osagwederanso. Zonse zitakhala bwino m'pamene munati, "Ba sisi, tiyeni manje." Anasiya ndodo, anaima, inu n'kudina.

Papita chaka chichokereni inu. Amayi akuyenda tsopano, kutchalitchi amafika okha. Mlendo akafunsa za chithunzi chija pakhoma, za matenda satchula n'komwe. Amangoti, "Amene anajambula ndi mlongo wanga." Pumulani mumtendere, Ba Malume.