Mkeka wa Pamchere

Ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi chaka chimene bambo anawatenga kukasenza katundu ku nkhondo ya azungu. Anapita ndi bulangete, ndipo pakhomo pathu linalipo limodzi lomwelo. Tinatsala atatu m'mudzi mwathu kwa Katunga: amayi, ine, ndi mlongo wanga Msatero, amene anali asanayambe kuyenda.

Anthu akumapiri amatiseka tikamadandaula chisanu. Amati kuchigwa kuno timangodziwa kutentha basi. Koma munthu wozolowera thukuta, wokhala ndi kansalu kamodzi, mwera umamulowa mpaka m'mafupa. Miyezi imeneyo tinkadzuka nkhungu itaphimba Shire, tsidya osaoneka. Akuluakulu ankayamba aothera dzuwa kuseri kwa nyumba, manja ali m'khwapa. Thonje sankatola mpaka mame atauma. Kumadimba ankapita dzuwa litakwera, ndipo ife ana tinkayenda otuwa, mapazi atang'ambika. Msatero anayamba kutsokomola mwera utangoyamba.

Ntchito ya amayi nyengo imeneyo inali kuphika mchere. Kudambo, madzi akaphwa, nthaka inkachita mbuu pamwamba. Tinkapala dothi limenelo ndi zigoba za nkhono, n'kuliika mumphika wobowola pansi woyalamo udzu, n'kuthiramo madzi. Madziwo ankadontha pang'onopang'ono mumphika wina, ndipo amayi ankawawiritsa mpaka atsale mchere wokhawokha. Inkadya nkhuni ntchito imeneyi, ndipo nkhuni zake zinali kutali.

Chaka chimenecho mcherewo unali ndi mwini wake kale. A Zuze, mkulu wina wopalasa bwato amene ankayenda malonda pakati pa kwathu ndi Chiromo, anali ndi bulangete lofiira. Anagwirizana ndi amayi kuti akawapatsa nsengwa zinayi za mchere, bulangete likhala la Msatero. Bwato linali loti linyamuka mwezi ukafa.

Pofika sabata lomaliza tinali ndi nsengwa zitatu zodzaza. Zinkakhala pathandala kudambo komweko kuti zikhe madzi, ndipo pamwamba amayi anaphimba ndi mkeka wa mlaza, n'kupsinja ndi miyala inayi. Tsiku limenelo kunacha kuli mitambo, mapiri a Thyolo osaoneka. Amayi anabereka Msatero, natenga nkhwangwa.

"Ndikupita ku nkhuni. Mbuzi zisafike apa, ndipo mkekawu usachoke. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Ndinamvadi. Koma kudambo kulibe pobisala. Moto unali utazima, ndipo mphepo inkabwera molunjika kuchokera kumtsinje. Ndinadumphadumpha, ndinaimba, ndinakhala chonjuta manja ali pakati pa miyendo. Mano ankangogundana. Kenaka ndinayang'ana mkeka uja ndi kudziuza kuti mchere sumva chisanu. Ndinachotsa miyala, ndinadzikulunga, n'kukagona kuseri kwa chulu. Ndinati ndingofundako pang'ono.

Chinandidzutsa ndi madzi amene ankadontha pamphumi. Kunali kukugwa kamvula kowaza kaja ka chiperoni, kopanda phokoso, kamene kumapiri kamagwa masiku ambiri koma kwathu kamafika mwa apo ndi apo. Kanali katagwa nthawi yaitali ndithu. Nditathamangira kuthandala ndinapeza nsengwa zikudontha, mchere utatsika kufika pakati, wotsalawo uli phala. Pansi pake mbuzi ziwiri zinkanyambita matope.

Ndinachita zimene mwana amachita. Ndinathamangitsa mbuzi, ndipo mkeka, umene m'kati mwake munali mouma ndi motentha, ndinaupinda bwinobwino n'kuuika pambali. Mpaka lero sindidziwa chifukwa chimene sindinaubwezere pamwamba. Mwina ndinaona kuti panalibenso choti ndiphimbe.

Amayi anafika ndi mtolo pamutu. Anautula, anayang'ana nsengwa imodzi ndi imodzi, n'kupisamo chala.

"Yachotsa ndi mphepo," ndinatero asanandifunse.

Anatola mkeka uja, naufunyulula, nagwira m'kati mwake ndi chikhatho.

"Mphepo yake ndi yaulemu," anatero. "Yachotsa miyala, yapinda mkeka, n'kuusiya wofunda."

Sanandimenye. Ndinayembekezera mbama njira yonse yobwerera kunyumba, ndipo siinabwere. M'malo mwake masiku anayi otsalawo tinkalawira kudambo nkhungu isanachoke, ena onse akuotha moto. Dothi linali litanyowa ndipo mchere unali utabwerera pansi. Tinkapala, tinkawiritsa, koma pansi pa mphika pankangotsala kadzanja. Amayi ankangondipatsa chigoba kapena mtsuko.

Tsiku la bwato tinapita kudooko ndi nsengwa ziwiri ndi theka. A Zuze anazinyamula m'manja imodzi imodzi, napukusa mutu.

"Nkhabe, mai. Munyu wachepa," anakana m'chiyankhulo chakwawo, kutanthauza kuti mcherewo sunakwane.

"Mwanayu akutsokomola, bambo. Tamverani nokha."

"Ndamva. Koma bulangeteli nanenso si langa, ndi la mwini katundu. Ndikamuuza chiyani?"

Sanali munthu woipa. Anatipatsa mapira pa mchere umene tinali nawo, n'kuwonjezapo nsomba zouma ziwiri za mwana. Bulangete analipinda, nalikhalira, bwato n'kutsetsereka.

Kuyambira tsiku limenelo amayi ankavula nsalu yawo yaikulu pogona n'kukulunga Msatero, ndi ine ndemwe m'mbali mwake. Iwo ankagona ndi kansanza m'chiuno, msana atalozetsa kumoto. M'mawa wina ndinadzuka n'kumva fungo lachilendo m'nyumba, ndipo ndinapeza azakhali anga akupaka mankhwala pamsana pa amayi. Amayiwo anali atagubudukira pa chikuni cha moto ali m'tulo. Bala lake linali lalikulu ngati chikhatho changa, ndipo linatenga mpaka nthawi ya dzuwa kuti lipole. Mwana ankamuberekera m'chiuno.

Msatero anachira. Bambo anabwerako chaka chotsatira, owonda, opanda bulangete. Za mkeka uja amayi sanawauze, ndipo kwa ine sanazitchulenso, ngakhale pamene ndinkawakwiyitsa pa zinthu zina.

Ndinali ndi adzukulu kale pamene amayi anafooka n'kumafuna wowasambitsa. Tsiku lina la mwezi wa chisanu ndinawatenthetsera madzi, n'kuwakhazika padzuwa kuseri kwa nyumba. Chipsera chija chinali pomwepo, chosalala, pansi pa phewa lamanzere. Dzanja langa linaima pamenepo.

"Amayi, mkeka uja ndinachotsa ndine."

"Nanga ndinkati ndani?" anatero osatembenuka. "Unali wamng'ono, ndipo kunkazizira. Thira madzi asanazizire."

Zinandipweteka kuposa mbama imene ndinkaiyembekezera ija. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti chilango changa chinali masiku anayi opala dothi m'nkhungu, ndipo ndinkati ndinachimaliza. Tsopano ndikudziwa kuti tsiku lija chisanu sindinachithawe ayi. Ndinangochichotsa pathupi panga kwa kanthawi, ndipo amene anachisenza nyengo yonseyo anali amayi. Ndinathira madziwo pang'onopang'ono, n'kuwafunditsa bulangete langa.