Filimu Yopanda Mawu Imene Tinatumizira Amalume

Ndikukumbukira bwino chaka chimene chuma cha Ireland chinagwa, chifukwa ndi chaka chomwecho chimene anthu akwathu ku Dowa anatsala pang'ono kundilira maliro ndili moyo, ndikudya buledi ku Tyrrelstown, dera lina la mumzinda wa Dublin.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ababa anabwera ku Dublin pa sikolashipu, ndipo atamaliza maphunziro anapeza ntchito mu ofesi ya kampani ina yomanga nyumba. Apo m'pamene ananditenga kuti ndidzaphunzire kuno, amayi ndi azichemwali anga n'kutsala kumudzi. Ndinafika ndi Chingerezi cha kusukulu yakumudzi, chija chomayankha kuti “Yes, madam” funso usanalimve. Ndinafikanso ndi ulemu wonse umene anandiphunzitsa: maso pansi, manja kumbuyo, pakamwa potseka akamayankhula akuluakulu.

Pasanathe chaka kampani ija inatseka. Azungu amene ankatifunsa mwachifundo kutchalitchi ngati kwathu kuli njala anayamba kuyenda atazyolika ngati ine. Nyumba zatsopano zinaima zosatha, kutsogolo zopaka penti, kumbuyo zopanda mawindo, udzu ukumera pakhonde. Ife tinasamukira m'chipinda chimodzi m'nyumba ya a Tembo, bambo wa ku Chipata amene ankayendetsa takisi. Ababa sanasiye kumanga tayi. M'mawa uliwonse ankaimanga bwinobwino n'kupita kulaibulale kukakhala pafupi ndi hita.

Kusukulu nako zinthu zinavuta. Ulendo wa kalasi yathu wokaona nyama unalephereka chifukwa chosowa ndalama, ndiye aphunzitsi athu, a Miss Brennan, anabweretsa mafilimu akalekale a Afalansa, aja opanda mawu ndi opanda mtundu. Anzanga anayasamula mpaka nsagwada kulira. Koma kwa ine limenelo linali phunziro loyamba kulimva lonse chibwerere kuno, popeza munalibe Chingerezi. Munthu akakwiya ankatong'ola maso, akakonda ankagwira pamtima ndi manja awiri, akachita mantha ankanjenjemera thupi lonse. Ndinkamva zonse.

A Miss anatiululira nzeru za Afalansawo. Wojambula ankaimitsa kamera, n'kuchotsa munthu pamene waima, n'kuyambiranso kujambula; woonera amangoona munthu wazimiririka. Ankajambula kawiri pa filimu imodzi kuti munthu mmodzi aoneke ngati awiri, kapena ayandame ngati mzukwa. Nyumba zachifumu zija zinali nsalu zopenta, kumbuyo kwake mitengo yochirikiza basi. Osewera ankadzola zoyera kumaso kuti nkhope zioneke, ndipo pothera mdima unkabwera mozungulira, n'kumachepa mpaka kumeza nkhope. Kenaka anatipatsa ntchito yoti aliyense apange kafilimu kake kotero, ndipo kamera ya sukulu tinkabwerekana.

Sabata yomweyo kunabwera uthenga wochokera kwa amalume a Sitefano, mlongo wawo wa amayi. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mawu a amalume amalemera kuposa digiri ya bambo. Iwo anali atamva pa wailesi kuti ku Ireland zinthu zatha, ndiye anati ngati alamu awo akulephera kundisamala, ndibwerere kumudzi chaka chisanathe. Ine sindinkafuna kubwerera. Ndinali nditangoyamba kumva zimene a Miss ankanena, ndipo ndinali nditapeza mnzanga mmodzi wonditchula dzina molondola.

Ababa ataona kamera ija maso awo anawala. “Limbani, chithunzi sichinama,” anatero. “Tiwajambulire alamu aone okha mmene tikukhalira.”

Ine pofuna kusangalatsa ababa ndi a Miss nthawi imodzi, ndinati filimu ikhale imodzi, yachifalansa. Ababa anavomera msanga atamva kuti mulibe mawu. Iwo akamanama mawu awo ankakwera ngati a mwana wa kwaya, ndipo ankadziwa zimenezo.

Tinajambula Loweruka, mphepo ikuluma makutu. Tinasankha nyumba yaikulu pakati pa zosatha zija, ine n'kuika kamera mosamala kuti mulu wa njerwa ndi mpanda wawaya zisaoneke. Ababa anaima pachitseko atavala juzi yawo yakale. Ndinaimitsa kamera, iwo n'kuthamangira kuseri kukavala suti, n'kubwerera pamalo omwewo. Pa filimu zinaoneka ngati suti yawagwera kuchokera kumwamba. Kenaka anatambasula dzanja pamsewu wopanda kanthu, ndipo takisi ya a Tembo, titaivula chikwangwani, inatulukira pomwepo.

Kunyumba tinachitanso chimodzimodzi ndi tebulo. Ndinakhala pampando, mbale zili mbee. Ababa anawomba m'manja, nkhuku yowotcha n'kutera patsogolo panga, ikutuluka nthunzi. Nkhukuyo inali ya a Tembo, ndipo eni ake anaima kuseri kwa kamera akuilondera. “Iwe mwana, uzingoinunkhiza chabe, usaigwire,” anatero. Ine kumaso ndinali nditadzola ufa, m'maso nditazunguliza makala monga osewera aja. Ndinatsegula pakamwa n'kumayendetsa milomo kuthokoza ababa, mawu osatuluka. Lolemba a Miss anandithandiza pa kompyuta kuchotsa mtundu, kufulumizitsa mayendedwe, ndiponso kuika ababa awiri m'chipinda chimodzi akupatsana moni. Pothera mdima unazungulira nkhope yanga yoyera ija n'kuimeza. A Miss anati sanaonepo mwana womvetsa luso la Afalansa ngati ine. Ndinayang'ana pansi, koma mumtima ndinkavina.

Filimuyo tinaiika pa DVD, ndipo inapita kumudzi ndi wansembe wina amene ankapita kutchuthi. Amalume analibe choonerapo, ndiye anaitengera ku vidiyo sho ya pamsika, kumene mudzi wonse unadzaza pa mabenchi kudzaona mwana wawo wa ku Ulaya. Zimene anaona n'zimene tinajambula: munthu wopeza suti ndi galimoto mwa kuphethira kwa diso, wodzigawa pawiri, woitana nkhuku ndi m'manja. Pambali pake kamwana kotuwa mbuu, koyenda modukizadukiza, kotsegula pakamwa popanda liwu. Mwini vidiyo anakweza voliyumu mpaka pamapeto, anamenya sipika, anasintha waya. Zii. Afalansa amati limenelo ndi luso. Ku Dowa chinthu chotero chili ndi dzina lake: ndondocha, mwana amene munthu wokhwima wamudula lilime kuti azimubweretsera chuma.

Foni inalira Lamulungu masana titangochoka ku Misa. Ababa anaiika pokweza kuti a Tembo amve nawo matamando.

“Alamu,” anatero amalume, osapereka n'komwe moni, “mwana wa mlongo wanga mwamuchita chiyani? Lilime lake lili kuti?”

Ababa anayamba kufotokoza za Afalansa, za kuimitsa kamera, za mbiri ya mafilimu, mawu akukwerakwera.

“Za Afalansa zanuzo mukauze anzanu ophunzira. Mpatseni foni ayankhule.”

Anandipatsa. Tsono ine chibadwire ndinali ndisanayankhulepo ndi amalume mawu opitirira “Ndili bwino, kaya inu.” Ndinagwada pakapeti monga mwa mwambo, foni ili m'manja awiri. Ndinatsegula pakamwa, osatuluka kanthu, ndendende ngati mu filimu muja.

“Mwamva?” amalume anauza anthu kumeneko. “Palibe mawu.”

Ndinamva amayi akuyamba kulira, kulira kwenikweni kwa pamaliro, amayi ena n'kumalandira. Ababa ankandikodola, tayi ili pambali. Kulira kwa amayi kuja n'kumene kunanditsegula pakamwa, ndipo patatseguka panatuluka zonse.

“Amalume, ndine Limbani, lilime ndili nalo! Kumaso kuja ndi ufa. Nyumba ija si yathu, ilibe ndi chimbudzi chomwe. Galimoto ndi ya a Tembo, nkhukunso ndi ya a Tembo, sitinadyeko. Ababa ntchito inatha kalekale, amangopita kulaibulale kukawotha hita!”

Ababa anakhala pansi pang'onopang'ono. Kenaka kuchokera ku Dowa kunamveka kuseka, koyamba kwa amalume, kenaka kwa amayi kosakanikirana ndi misozi, kenaka kwa khamu lonse.

“Ndiye kuti ndinu amphawi chabe, alamu? Ambuye alemekezeke! Ife kuno timati mwakhwima.” Anatsokomola, n'kuwonjezera kuti, “Mwanayo akhale konko aphunzire. Munthu wobwereka nkhuku sangadule mwana lilime.”

Ndi mmene ndinatsalira kuno. Ababa sanandikalipire. Tsiku lotsatira anapita kulaibulale osamanga tayi, ndipo patapita miyezi anavomera ntchito yosamalira okalamba imene poyamba ankati si ya munthu wa digiri ziwiri.

Masiku ano nyumba zija anazimaliza, ndipo lendi yake ndi imene ingachititse munthu kuganiza zokhwima. Nzeru zimene Afalansa ankakhetsera thukuta zili m'foni ya mwana aliyense. Tonse timaima pafupi ndi galimoto za eni, kudula chithunzi kuti mulu wa njerwa usaoneke, n'kutumiza kumudzi, ndipo palibe amalira maliro, amangopempha kuti tiwakumbukire. Amalume nawo ali ndi foni yojambula, ndipo amaika zosalalitsa nkhope mpaka makwinya onse kuthawa. Koma akandiimbira pavidiyo, netiweki ikangoumitsa nkhope yanga mawu n'kuduka, ndimawaona akusendera pafupi ndi galasi, diso lili tong'o. Mawu akabwerera, choyamba amati, “Tatulutsa lilime ndilione.” Ndipo ine, bambo wa ana awiri, ndimatulutsa.