Zenera la a Taisiya Yefimovna

...ayi atsikana dikirani kaye sindinamalize kkkk. Bambo Gennadiy akuti moyo wa a Taisiya Yefimovna mu kanyuzipepala ka parishi ndilembe ineyo. INE!! Ndalumpha pa bedi mpaka amayi akalipa. Werengani kaye inuyo ndisanawapatse.

A Taisiya Yefimovna Kuklina anabadwira m'tauni yathu yomwe ino nthawi imene kupemphera unali mlandu. Amayi awo anawabatizitsa mobisa m'beseni lochapira, makatani atatseka, ndipo atakula pang'ono anawauza kuti, "Ukakakamba kunja ndikudula lilime." Sanakambe. Anali mwana wachete, wokonda kutola zidutswa za mabotolo kuseri kwa sitolo n'kumayang'aniramo thambo.

Anakaphunzira zojambula ku Leningrad. Ankapenta nyanja, zombo, azimayi otumbula nsomba, koma mtima wawo unali pa galasi: kudula magalasi amitundumitundu, kupentapo nkhope ndi utoto wakuda, kuwotcha mu ng'anjo, kenako kulumikiza zidutswazo ndi timizere ta mtovu. Boma linkawatuma mazenera a malo odyera ndi osambira. Nsomba, nyenyezi zofiira, amuna a zifuwa ngati mafiriji kkkk. Nkhanu ija ya ku dziwe losambira, ija timati yafanana ndi aphunzitsi a masamu, ndi yawo!

Anakwatiwa ndi a Rodion, okonza mainjini, n'kubereka mwana mmodzi, Savva. A Rodion anathawira kum'mwera ndi mkazi wina, akuti kuzizira kwawakwana. Savva anakula, analowa ntchito m'chombo chopha nsomba, ndipo chaka china chombocho sichinabwerenso. Mtembo sunapezeke.

A Taisiya sanalire. Anthu obwera kudzapepesa ankawayang'ana n'kumadikira, iwo akungowathirira tiyi ndi kuwadulira buledi wakuda. Anatsuka makapu onse, m'mawa mwake anapita kukadula galasi. Mkati mwawo munangoti zii, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Ankadikira kuti dzanzilo lithe, ululu ubwere. Silinathe.

Tchalitchi chathu chitasiya kukhala nkhokwe ya mbatata n'kutsegulidwanso, anali m'gulu la oyamba kulowamo ndi tsache. Ankaimirira malo amodzimodzi kumanzere, duku lotuwa kumutu. Mapemphero akatha ankagwada n'kumapala phula la makandulo pansi ndi kampeni. Sankaphonya, kaya kunja kuli chimphepo chogwetsa munthu. Zala zawo nazonso zinayamba kufa chifukwa cha mtovu ndi kuzizira. Ankadzicheka osadziwa, kungoona magazi pa tebulo, kupukuta, kupitiriza.

Tsiku lina a Nonna, aja ogulitsa makandulo, aja a pakamwa, anawapeza pa malo awo aja.

"Yefimovna, iwe umangoima ngati mtengo wa magetsi. Ukupemphera kapena ukudikira sitima?"

"Ndikudikira sitima, Nonna."

"Usandiyankhe mwano pamaso pa oyera. Mulungu umamumva iweyo?"

"Ayi. Zala zanganso sindizimva, koma zikugwira ntchito."

A Nonna akuti anangobwerera ku makandulo awo kkkk.

Atakalamba, Bambo Gennadiy anawapempha zenera lalikulu la kuguwa, la Khristu wouka kwa akufa. Anavomera ngati munthu watumidwa mchere. Zaka zinadutsa akulidula okha, zala zikukana. Tsono mukudziwa kuti ife akazi kuguwa sitilowa. Tsiku lolikweza iwo anaima pakhomo n'kumakalipira amuna ali mkati.

"Arkasha! Chimenecho si chitseko cha lole yako! Gwira m'munsi, chitsiru iwe!"

A Arkasha, aja oyendetsa chilole chokankha chipale chofewa (sinoo) m'misewu, thukuta lili kamukamu: "Amayi, mukandikalipiranso ndiwagwetsa Ambuyewa, mukayankha nokha kumwambako!"

Ine nditamva zimenezi ndinafa nazo kkkkk. Pepani. Ndipitirize.

Amunawo anali atachedwa nayo ntchito. Pomwe ankamaliza, dzuwa linali litapita kale, nyengo yathu ya mdima ija yayamba, ija dzuwa limatha masabata ambiri osatuluka kuno kumpoto. Zenera linangokhala bii ngati kunsi kwa poto. Sabata lomwelo a Taisiya anagwa pa masitepe, ndipo kuchipatala anapeza matenda a m'mimba atafalikira kale. Dokotala sananame: dzuwa lidzabwerera iwo atapita.

"Zilibe kanthu," anatero a Taisiya. "Zeneralo ndikulidziwa. Ndinalidula ndine."

Koma ankadziwa kuti galasi likakhala pa tebulo silinena zoona. Limaulula kuwala kukadutsamo, lili pa malo ake. Mwina chofiira chinameza nkhope. Mwina utoto unada kwambiri m'maso, Khristu n'kungokhala chimthunzi. Ankagona pa bedi la chipatala akuyang'ana denga, akuganizira zimenezi mopanda mantha, mopanda chilichonse, ngati akuganizira za munthu wina.

Amene anapenga nazo ndi a Arkasha. Lamlungu lina masana, kunja kuli mdima monga mwa nthawi zonse, anaunjika chimulu cha chipale kuseri kwa tchalitchi n'kukwezapo chilole chawo kuti nyali ziloze m'mwamba. Amatakisi nawo anabwera kudzaima m'mbali. A Taisiya anawatenga pa ambulansi, anawakhazika pa mpando pakati pa tchalitchi, mabulangete mpaka m'khosi. Bambo anazimitsa magetsi, anatsegula zitseko za kuguwa, anatulutsa foni m'mkanjo.

"Arkasha, yatsa mwana wanga."

"Bambo, ndayatsa kalekale!"

"Wawalitsa chimbudzi. Khotera kumanzere."

Kkkkk zoona, tonse tinamva, ngakhale a kwaya.

Kenako zenera linadzuka. Chofiira chinagwera pansi, pa nsapato za a Nonna, pa mabulangete. Injini ikulira kunja, galasi likunjenjemera pang'ono, moti Khristu ankaoneka ngati akupuma. Anthu anayamba kudzilemba mtanda. A Nonna analira mokuwa ngati pa maliro.

A Taisiya anayang'ana. Anayamba ndi mapazi, mkanjo, manja, kenako nkhope. Nkhope inali itatuluka. Anadikira kuti mkati mwawo china chake chigwedezeke. Sichinagwedezeke.

"Bwanji, Taisiya Yefimovna?" Bambo anafunsa chapansipansi.

"Dzanja lamanzere latalika pang'ono. Koma akuoneka. Muuzeni Arkasha azimitse, azizidwa kunjako."

Bambo anakweza foni.

"Ayi," anatero a Taisiya. "Asazimitse kaye."

Anakhala pamenepo mpaka amatakisi anapita, nyali za lole zokha zitatsala.

Anamwalira sabata lotsatira masana, atalandira mgonero, a Nonna atawagwira dzanja n'kumawadandaulira za mpongozi wawo. Akuti anangotseka maso ngati munthu watopa kumvetsera. Bambo akuti kumapeto ndilembe chitsanzo chimene atisiyira. Ine ndalemba kuti anatumikira Mulungu amene sankamumva, ndipo sanaphonye. Kaya zikwana, sindikudziwa.

Eee mnzathu Zlata wandiyankha kumbali, ndikukopera momwe walembera:

"Iwe, yang'ana panja. Dzuwa latuluka!! Kachidutswa kokha ngati khungu la lalanje, kuseri kwa phiri. Likhala kanthawi kochepa, vala nsapato. Usalowe m'tchalitchimo wekha, undidikire pa geti. Tikaimirire kumanzere."