Kalilu, Katswiri wa Mahatchi

Kalilu Sadick sanawetepo ngakhale mbuzi. Ntchito yake yoyamba inali yotsegula geti pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu, kumene ankaona mahatchi a bwana akudutsa m'mawa. Sukulu yake ya mahatchi inathera pomwepo. Koma atabwerera kwawo ku Ngala mu 1995, n'kumva kuti mzungu wa loji yatsopano wagula hatchi yaikazi ya bere, anavala chipewa n'kukadzitchula katswiri. Anamulemba ntchito.

Hatchiyo inabereka Lachisanu masana, amuna anzake a Kalilu ali ku mzikiti. Kamwanako kasanayamwe, kasanaime n'komwe, Kalilu anakapana ndi mawondo pansi. Anakasisita thupi lonse mwankhanza, kukapisa zala m'makutu ndi m'mphuno, mayi wake akulira kuseri kwa mpanda.

"Kasiyeni kayambe kayamwa, a Kalilu," anatero mayi Rahila, amene ankachapa nsalu za alendo palojipo.

"Inu dziwani za sopo," anayankha Kalilu. "Nyama imayenera kudziwa mwini wake tsiku loyamba. Wallahi, ku Kasungu timatero."

Mzungu anakatcha kamwanako Mwera. Tsiku ndi tsiku Kalilu ankamumanga chingwe m'khosi, kumukoka mozungulira bwalo kuti alendo ajambule. Posakhalitsa, Mwera akangomva Kalilu akutsokomola ankanjenjemera, thukuta lili kamukamu, n'kukabisala kuseri kwa mayi wake. Kalilu ankaloza monyada, amvekere, "Mwauona ulemu?"

Mayi Rahila sankamugwira Mwera. Akamaliza kuyanika nsalu ankatengera hatchi yaikuluyo madeya, n'kumaikanda khosi uku akuilankhula za mwamuna wawo ndi maukonde ake ong'ambika. Mwera ankangoyang'ana ali patali. Patapita milungu ingapo anabwera yekha kudzanunkhiza mpango wawo.

Zitatha zaka zitatu, inakwana nthawi yoti Mwera akweredwe. Kalilu anaitana mudzi wonse kuti udzaone. Anabwereka majombo kwa mlamu wake wodula nzimbe ku Dwangwa, aakulu moti ankachita kuwakoka. Anthu anayi anamugwirira Mwera, iye n'kukwera, n'kukweza dzanja ngati wandale pamsonkhano. Dzanjalo lisanatsike anali atagona chagada mumchenga. Mwera anagwetsa matandala awiri a usipa n'kuthawira m'munda wa chinangwa.

Amuna anamuthamangitsa mpaka kutopa. Kenaka mayi Rahila anatenga beseni la madeya, nalowa m'mundamo okha. Potuluka, Mwera anali pambuyo pawo, wopanda chingwe.

Kalilu, atagonekedwa pamkeka chiuno chitavulala, sanasowe chonena.

"Ndi matipate ameneyu," anabuula. "Masiku ano ngakhale nyama ikufuna ufulu. Nthawi ya chipani chimodzi hatchi inkachita mwano wotere?"

Ataona kuti anthu akuseka, anasintha nkhani. Anayamba kufalitsa kuti mayi Rahila anamudyetsa Mwera mankhwala. Mayiwo atamva anangoti, "Mankhwala ake ndi madeya. Akagule kuchigayo."

Mwera sanalolenso mwamuna aliyense kumuyandikira, ndipo mzungu anamugulitsa kwa mlimi wina wa ku Zomba. Tsiku lomukweza m'lole anachita kuitana mayi Rahila kuti atsogole. Iwo anabwerako maso ali ofiira, n'kukapitiriza kuchapa.

Kalilu anachotsedwa ntchito mwezi womwewo. Anakakhala pasiteji ya Dwangwa, n'kumagulitsa nzimbe uku akutsimphina. Mlendo akamufunsa za chiunocho, ankati anamenyana ndi mvuu.